Kuthandiza pa mphika wa phala ku Zomba: poyambira ndi zoyenera kuchita

M'boma la Zomba muno miphika ikuluikulu imakhala pamoto pafupifupi tsiku lililonse: kusukulu za pulayimale kumene ana amalandira phala, kusukulu za mkombaphala za m'midzi, kumatchalitchi ndi kumizikiti kumene amaphikira okalamba, ndiponso kuchitando cha chipatala kumene odikirira odwala amaphika ndi kaufa kamene anachoka nako kumudzi. Anthu ambiri amtima wabwino, makamaka ogwira ntchito m'tauni ndi ophunzira a ku yunivesite ya Malawi (Chanco), amafuna kuthandizako koma sadziwa poyambira. Ena amagula thumba la ufa, kukalisiya, kujambulitsa, basi. Thumbalo limathandiza ndithu, sindikulinyoza. Koma chimene chimasowa kwambiri pa miphika imeneyi ndi munthu wobwera tsiku limene analonjeza, sabata ndi sabata, mpaka adziwe mayina a amene akudyawo ndi kuzindikira wina akajomba. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kukhala wotero.

Choyamba: pezani mphika umene ulipo kale

Musathamangire kukhazikitsa gulu lanu lokhala ndi dzina ndi malaya ofanana. Yambani mwafufuza amene akuphika kale pafupi ndi kwanu, kaya ndi ku Chinamwali, ku Chikanda, ku Sadzi, ku Mpondabwino, kapena kunja kwa tauni monga ku Thondwe, ku Jali, ku Mayaka, ku Songani ndi ku Chingale.

Kusukulu za pulayimale, phala lambiri m'dziko muno limachokera ku bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchitoyi kuno ku Malawi m'chaka cha 2002 ndi ana 200 okha, ndipo lero limadyetsa ana oposa 1 miliyoni. Sukulu zina za m'boma lino zimathandizidwa ndi bungwe la United Nations loona za chakudya la WFP, limene limalimbikitsa kuti chakudya chizigulidwa kwa magulu a alimi a m'dera lomwelo. Konseko ophika ndi makolo a m'midzi yozungulira sukulu, amene amasinthana masiku popanda malipiro. Khomo lolowera ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu.

Sukulu za mkombaphala za m'midzi, zija za mmera mpoyamba, ndizo ndikanakonda kuti ambiri muziganizire. Zambiri zilibe bungwe lozibweretsera ufa. Phala lake limachokera m'chimanga chimene makolo asonkha, ndipo alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka. Chimanga chikatha, phala limaima, ndipo phala likaima ana amasiya kubwera. Ana ake ndi a zaka za pakati pa 3 ndi 5, msinkhu umene thupi ndi ubongo zikukula mofulumira. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Kapu imodzi ya phala labwino tsiku lililonse pamsinkhu umenewu si nkhani yamasewera. Kuti mudziwe sukulu zimenezi, funsani ku ofesi ya Social Welfare kukhonsolo ya boma, kapena kwa amfumu a mudzi umene mukufuna kukathandizako.

Ku Zomba Central Hospital kumabwera odwala otumizidwa kuchokera ku Machinga, ku Mangochi, ku Balaka ndi kwina, ndipo owadikirira amatha kukhala masabata angapo kutali ndi kwawo, ufa ndi nkhuni zitawathera. Kundende za Zomba, Mikuyu ndi Domasi komanso kuchipatala cha matenda a maganizo, mipingo imapitako ndi chakudya nthawi ndi nthawi. Malo onsewa salowa chilowelowe: mulembe kalata kwa akuluakulu a pamalopo, ndipo njira yachidule ndi kuphatikana ndi gulu la mpingo kapena la mzikiti limene limapitako kale. Wodwala ali m'wodi musamupatse chakudya namwino asanavomere.

Chachiwiri: ulendo woyamba ukhale wokapereka moni

Tsiku loyamba musanyamule katundu. Pitani mukaonekere kwa mphunzitsi wamkulu, kwa wapampando wa komiti, ndipo ngati kuli kumudzi, kwa amfumu. Fotokozani kuti ndinu ndani, mumakhala kuti, ndipo muli ndi nthawi yochuluka bwanji. Amayi valani chitenje ndi duku, abambo siyani nsapato zakuofesi kunyumba. Kwa ophika mukafike ngati mwana wofika kwa makolo: "Zikomo amayi, ndabwera kuti mundiphunzitse ntchito." Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma amayi amenewa akhala akutakasa mphikawo zaka zambiri, ndipo nzeru zanu adzazimva bwino mutasenza nawo ndowa kaye.

Funsani zinthu izi: amadya anthu angati, ufa umachokera kuti, umatha liti, madzi amatunga kuti, nkhuni amabweretsa ndani, ndi tsiku liti limene ophika amachepa. Yankho la funso lomalizali ndilo likuuzeni tsiku lanu. Nthawi zambiri limakhala tsiku la msika wa m'deralo, kapena nyengo yopalira ndi yobandira pamene aliyense ali kumunda.

Musalonjeze kalikonse paulendo umenewu. Mawu ongoti "tiona zimene tingachite" ochokera kwa munthu wa m'tauni amamveka ngati lonjezo, ndipo amayenda mudzi wonse dzuwa lisanalowe.

Chachitatu: sankhani tsiku limodzi limene simudzaphonya

Ndi bwino kunena kuti muzibwera Lachiwiri lililonse kwa teremu imodzi n'kukwaniritsa, kusiyana ndi kunena kuti muzibwera tsiku lililonse n'kutha mphamvu sabata yachiwiri. Komiti ikakulembani pandandanda, wina amapumula tsiku limenelo n'kupita kuganyu. Mukapanda kubwera, moto umachedwa kuyaka ndipo ana amalowa m'kalasi m'mimba muli pululu. Mukadwala kapena mukagwa m'maliro, tumizani uthenga dzulo lake.

Ganizirani za miyezi. Mu Disembala mphatso zimachuluka, magulu amapikisana kukacheza kwa ana amasiye ndi kuzipatala. Njala yeniyeni imaluma mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, chimanga chakumunda chisanakhwime, mtengo wake pamsika uli pamwamba, anthu akugona ndi nsima ya gaga. Nthawi imeneyo misewu ya ku Chingale ndi ya kunyanja ya Chilwa imakhala matope okhaokha ndipo alendo saoneka. Ngati muli ndi miyezi iwiri yokha pachaka yoti muthandize, ikhale imeneyi. Ophunzira a ku yunivesite, uzani komiti masiku a tchuthi chanu musanayambe, kuti asakuwerengereni pamene muli kwanu.

Chachinayi: ntchito ya pamoto

Kusukulu zambiri ophika amafika kusanache, chifukwa mphika waukulu umatenga nthawi kuti uwire. Ntchito yoyamba imene mungapatsidwe ndi kutunga madzi kumjigo, kuwaza nkhuni kapena kutsuka. Ilandireni. Abambo, ntchito imeneyi si ya amayi okha: kutakasa phala la ana mazanamazana ndi mthiko wautali kumafuna msana, ndipo amayi ambiri amene amachita zimenezi ali ndi mwana kumbuyo.

Kumene amalandira ufa wa Likuni Phala wokonzakonza, tsatirani muyeso umene bungwe linapereka. Musachepetse ufa kuti thumba lichedwe kutha, ndipo musaonjezere madzi kuti phala lichuluke. Phala lamadzimadzi limadzaza kamimba ka mwana popanda kumupatsa mphamvu. Labwino ndi limene limakhala pasupuni n'kumagwa pang'onopang'ono. Sungunulani kaye ufa m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono musanauthire mumphika, kuti lisachite mibulu, ndipo likayamba kubwata lisiyeni libwatebe uku mukutakasa mpaka fungo la ufa wauwisi litatha.

Kusukulu ya mkombaphala kumene amadzikonzera okha ufa, muyeso wosavuta kukumbukira ndi uwu: mbale 4 za chimanga chosakonola pa mbale 1 ya soya, n'kukagaitsa pamodzi. Soyayo akazingidwe kaye mpaka apse, chifukwa wosakazinga amanunkha ndipo amavuta kugayika m'mimba. Mgaiwa umaposa ufa woyera pa phala la ana, poti kukonola ndi kuviika kumachotsa zambiri zofunika m'thupi. Popanda soya, nsinjiro zimagwira ntchito. Thirani mchere wa ayodini ndi timafuta pang'ono. Kuno tili ndi mwayi wa matemba a ku Chilwa: ouma bwino, okazinga n'kusinja, amalowa m'phala osavuta. Ufa wa masamba a chammwamba nawonso umathandiza. Alangizi amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndipo phala limodzi lotere limatha kukhala ndi magulu anayi kapena asanu. Nthochi kapena papaya zikapezeka, gulu la zipatso lakwana.

Chimanga ndi mtedza zisankhidwe musanagaitse. Njere zofufuzidwa, zakuda kapena zachuku zitayidwe, musachite nazo chisoni. Chuku chimabereka poizoni amene satha ngakhale muphike motani, amawononga chiwindi ndipo amathandizira kupinimbira. Matumba akhale pathandala, osagunda khoma, ndipo lakale liyambe kutha.

Za ukhondo ndinenepo motsindika. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo malo odyera anthu ambiri ndi amene matenda otsegula m'mimba amafalira msanga. Madzi akumwa ndi otsukira makapu akhale a pamjigo kapena pampopi, othira klorini ngati mukukayika. Aliyense asambe m'manja ndi sopo pamadzi oyenda, a pampondagiya kapena othiridwa ndi jagi, osati m'beseni limodzi. Makapu aume pathandala, osawapukuta ndi nsalu. Chakudya chophika chisakhale maola oposa 2 chisanadyedwe. Ngati inuyo mwatsegula m'mimba, mukukhosomola kapena muli ndi bala pachala, tsiku limenelo musayandikire mphika. Kasesereni pabwalo kapena khalani kunyumba. Ngati muli ndi kandalama ndipo simukudziwa chogula, gulani sopo. Ndiye amayamba kutha ndipo palibe amamukumbukira.

Nkhuni ndi vuto lina. Aliyense woyang'ana phiri la Zomba ndi la Malosa akuona mmene mitengo yathera. Kumene akuphikabe pamafuwa, kambiranani ndi komiti za mbaula zosunga moto. Pa miphika ing'onoing'ono chitetezo mbaula chimachepetsa nkhuni ndi utsi umene amayi amapuma m'mawa uliwonse.

Chachisanu: kugawa

Pogawa m'pamene ulemu wa munthu umasungika kapena kutayika. Ang'onoang'ono ayambe, chifukwa mukawasakaniza ndi akuluakulu amakankhidwa. Muyeso ukhale umodzi kwa aliyense, mwana wa amfumu ndi mwana wamasiye chimodzimodzi; ana amaona msanga kukondera. Mzere uime patali ndi moto, ndipo phala lizizireko lisanathiridwe m'kapu ya mwana wamng'ono, poti limawotcha koopsa. Mwana amene alibe kapu musamubweze, musamukalipire pagulu. Sungani makapu angapo apadera. Mwana wolumala kapena wamanyazi amene amatsalira kumbuyo, mupititsireni pamene wakhala.

Kwa agogo, perekani ndi manja awiri mutagwada kapena mutanyonyomala, muwathirire madzi osamba m'manja, ndipo musawafulumizitse. Ambiri alibe mano, choncho ndiwo zikhale zofewa. Mawu oti "osauka" kapena "ovutika" asatuluke pakamwa panu iwo akumva. Ndi agogo, ndi amayi, ndi achimwene, ndi ana athu.

Zomba ndi boma la Akhristu ndi Asilamu okhala moyandikana. Ngati pali nyama, ikhale yochinjidwa ndi Msilamu, ndipo miphika isakhale yophikiramo nkhumba. M'mwezi wa Ramadan funsani nthawi yoyenera kupereka chakudya. Kupemphera musanadye n'kwabwino, koma mbale isakhale malipiro a kulowa mpingo wanu kapena chipani chanu. Munthu wanjala amavomera chilichonse, ndipo kupezerapo mwayi pamenepo n'kulakwa.

Chachisanu ndi chimodzi: khalani pansi

Ambiri amati akamaliza kugawa, amatsuka mphika n'kunyamuka. Apa m'pamene ndikukupemphani kuti mukhaleko pang'ono. Ngati chakudya chakwanira ndipo eni ake akupatsani, landirani kapu yanu mukhale pamphasa limodzi ndi anthu. Kuima chapatali mutapinda manja kumanena kuti chakudya chimenechi ndi cha iwo, inu simungadye. Kusukulu kumene phala limawerengedwa pa mwana aliyense, musadye gawo la ana, ingokhalani nawo.

Phunzirani mayina awiri kapena atatu tsiku lililonse, ndipo sabata yotsatira muwatchule. Musafunse kuti "bwanji kwanu kulibe chakudya?" Funsani za mvula, za munda, za mpira, za kumene agogo anabadwira. Agogo ena a kuno anagwirapo ntchito m'nyumba za boma pamene Zomba inali likulu la dziko, likululo lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Ena anali asodzi ndipo adzakusimbirani mmene Chilwa inaphwera mu 1995. Palibe amene amawafunsa. Kwa okalamba okhala okha, kucheza kumeneku nthawi zina kumaposa nsimayo. Wina akayamba kukamba mavuto ake, mvetserani osamudula ndi malangizo, ndipo zimene mwamva zisakafike pa WhatsApp. Ngati agogo amamasuka m'Chiyao kapena m'Chilomwe, pemphani wina wa pamalopo akuthandizeni kumva.

Foni ikhale m'thumba. Ana asajambulidwe popanda chilolezo cha makolo ndi cha sukulu, ndipo wamkulu mumufunse n'kumuuza kumene chithunzicho chikupita. Ngati opereka thandizo akufuna umboni, jambulani mphika, matumba ndi manja a ophika. Mwana amene mwamuika pa Facebook atanyamula kapu ali ndi malaya ong'ambika adzakula, ndipo chithunzicho chidzakhalapobe.

Mukadziwa anthu, mumayamba kuona zimene mlendo sangaone. Mwana amene amamwa theka n'kubisa linalo nthawi zambiri ali ndi mng'ono wake kunyumba. Mtsikana wa Sitandade 6 amene wasowa sabata yathunthu mwina akulera odwala, mwina akumukonzera banja. Agogo amene sanabwere kawiri motsatizana mwina agona m'nyumba. Funsani kuti "kodi auje ali kuti?" Uzani aphunzitsi, alezi kapena amayi a mother group, ndipo ngati pakufunika kukawaona kunyumba, pitani ndi mmodzi wa iwo, osati nokha.

Chachisanu ndi chiwiri: dziwani pamene phala silikwanira

Mwana amene watupa mapazi onse awiri, amene tsitsi lapyapyala n'kufiira, wowonda kwambiri, wofooka kapena wokana kudya, akufunika chipatala, osati kapu yachiwiri. Uzani kholo mwaulemu pambali, ndipo dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Iye amayeza mkono wa mwana ndi kalamba kamitundu: kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5, muyeso wosafika masentimita 11.5 ndi wofiira, kutanthauza kunyentchera koopsa. Kuchipatala amapereka chiponde kwaulere. Chiponde ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chogawana ndi abale ake kapena chogulitsa, ndipo kholo likamva zimenezi kwa munthu amene limamudziwa limamvera.

Mwana akakuululirani za kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kukakamizidwa banja, musalonjeze kuti musunga chinsinsi ndipo musakafunse nokha woganiziridwayo. Kanene ku ofesi ya Social Welfare kapena ku Victim Support Unit kupolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana imene amayendetsa a YONECO, amene likulu lawo lili konkuno ku Zomba. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana lili kumbali yanu.

Mudzapemphedwa ndalama: ya fizi, ya mayendedwe a kuchipatala, ya feteleza. Zopemphazo zimakhala zoona. Koma mukapatsa mmodzi mobisa, mawa lake pamakhala nsanje, ndipo mumasanduka bwana m'malo mwa mnzawo. Yankhani zoona: "Pepani amayi, ine ndilibe mphamvu imeneyo, koma tiyeni tikaonane ndi a komiti." Ngati mukufuna kuthandiza banja lina, dzerani kukomiti. Musalonjeze kulembetsa munthu pa Mtukula Pakhomo. Ili ndi ndondomeko yake imene inu simuilamulira. Musakhale nokha ndi mwana m'chipinda, musamutengere kwanu, musamupatse mphatso mwamseri. Malamulo amenewa amateteza mwanayo ndi inu nomwe.

Ufa usachoke pamalopo m'chikwama cha aliyense, ngakhale kambale kamodzi. Ngati mumatha kulemba ndi kuwerengera, imeneyi ndi mphatso yaikulu kwa komiti: kope losonyeza matumba olowa, otuluka ndi chiwerengero cha odya tsiku lililonse, losainidwa ndi anthu awiri. Miphika yambiri imazima chifukwa cha kukayikirana, osati chifukwa cha kusowa kwa chimanga.

Nthawi ya ngozi, monga namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 pamene anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, musangofika pamsasa ndi galimoto n'kuyamba kugawa. Dzerani kukhonsolo ya boma ndi kukomiti ya msasawo, kuti thandizo lisaunjikane pamisasa ya m'mbali mwa msewu wa tala pamene ya kutali ilibe kanthu.

Chomaliza: konzekerani chaka chamawa ndi tsiku lochoka

Mukakhazikika, yambitsani nkhani ya munda wa gulu. Pemphani amfumu kamalo, makolo alime chimanga ndi soya kapena mtedza za phala, ndipo zopereka za chimanga zisonkhedwe mu Meyi ndi Juni pamene anthu angokolola, osati mu Januwale. Zisungidwe zouma bwino m'matumba osalowa mpweya kapena zothira mankhwala a anankafumbwe, ndipo makiyi a chipinda asunge anthu awiri osiyana.

Nthawi yanu ikatha, kaya mwasamutsidwa ntchito kapena mwamaliza maphunziro, uzani komiti mwezi umodzi pasadakhale. Bweretsani munthu wolowa m'malo mwanu, mugwire naye masabata awiri kapena atatu, mumuonetse kwa amfumu ndi kwa ophika, mumusiyire kope lija pamodzi ndi mayina a ana ndi agogo ofunika kuwayang'anitsitsa. Tsiku lomaliza tsanzikani ana ndi agogo pamaso, muwauze zoona ngati mudzabwerenso kapena ayi.